Momwe mungayezere kukhota kwa kuwala ndi galasi ndi mapini anayi

Yambani ndi ichi: ikani ndalama yachitsulo m'kapu yosaonetsa zam'kati, mubwerere m'mbuyo mpaka mlomo wa kapuyo uibise. Mnzanu athire madzi pang'onopang'ono, inu mutu osasuntha. Ndalama ija itulukira ngati yayandama, chonsecho ili pomwe inali. Chasintha ndi njira ya kuwala kochokera pa ndalamayo, komwe kwakhota potuluka m'madzi n'kudzafika m'diso lanu. M'kalasi timati refraction.

Gwero lake ndi liwiro. Mumpweya kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, m'madzi 225,000, m'galasi pafupifupi 200,000. Taganizani anthu awiri oyenda mogundana mapewa atagwirizira mtengo umodzi chopingasa. Mmodzi akayamba kuponda m'matope amachedwa, mnzake n'kupitirira, mtengo uja n'kutembenuka. Kuwala kolowa m'galasi mopendekeka kumachita zomwezo.

Tsopano tiyeze. Pezani galasi lochindikala lamakona anayi la mu labu, pepala loyera, katoni yobayapo, mapini anayi, rula, choyezera ngodya (protractor) ndi pensulo yosongoka bwino.

Yalani pepala pa katoni, ikani galasi pakati, mulembe mzere kulizungulira, kenako mulichotse. Pa mbali yaitali sankhani malo amodzi, mujambulepo mzere woima chilili, wa madigiri 90 ndi mbaliyo. Mzerewu dzina lake ndi normal, ndipo apa m'pamene ophunzira ambiri amataya malikisi. Ngodya iliyonse imayezedwa kuchokera pa normal, osati kuchokera m'mphepete mwa galasi. Mukasokoneza apa, masamu onse otsatira apita m'madzi.

Jambulani mzere wina wofika pamalo omwewo, wotalikirana ndi normal madigiri 30. Bayani mapini awiri pamzerewu motalikirana masentimita osachepera 5, ndipo aime mowongoka. Bwezerani galasi m'malo mwake.

Pitani mbali inayo, muwerame mpaka diso lifanane ndi tebulo, mutsinzine diso limodzi. Yang'anani mapiniwo kudzera m'galasi, osati mitu yawo yomwe ikuonekera pamwamba. Sunthani mutu mpaka pini yakutsogolo ibise inzake. Bayani yachitatu kumbali yanuyo kuti ibise zonse ziwiri, yachinayinso chimodzimodzi. Musapupulume apa, ndi bwino kuzula n'kubayanso katatu kusiyana ndi kuvomera mzere wokayikitsa.

Chotsani zonse. Lumikizani timabowo ta mapini awiri omalizawo mpaka mzere ukagunde m'mphepete mwa galasi, ndipo kuchokera pamenepo mukoke mzere kukafika polowera paja. Iyi ndiyo njira yomwe kuwala kunadutsa m'kati. Mukaiyeza kuchokera pa normal mupeza madigiri 19 kapena 20. Kuwala kwakhotera ku normal chifukwa kwalowa mochedwetsa. Onaninso kuti mzere wotuluka ukulowera komwe unkalowera wolowa uja, wangosendera pambali.

Gawani sine wa 30 ndi sine wa ngodya mwapezayo (sine mumupeza podina batani la "sin" pa kakyuleta). Yankho likhala pafupi ndi 1.5, yomwe ndi refractive index ya galasi wamba, nambala yosonyeza momwe chinthu chimachedwetsera kuwala. Ya madzi ndi 1.33, ya dayamondi 2.42. Bwerezani ndi madigiri 40, 50 ndi 60. Pa 60 muyembekezere pafupifupi 35, ndipo mukagawa, 1.5 uja abweranso. Lamulo loti yankholi silisintha limatchedwa ndi dzina la katswiri wa masamu Willebrord Snell, yemwe analipeza mu 1621, ngakhale katswiri wina, Ibn Sahl, anali atalilemba kale ku Baghdad cha m'ma 984.

Pomaliza bayani mapini awiri pa normal penipeni, muyang'anenso. Kuwala kudutsa osakhota ngakhale pang'ono, ngakhale kuti liwiro lake latsika ndithu.