Kuphunzitsa chitetezo cha m'thupi ndi mabakiteriya okufa, mmene zimachitikira

Maselo omwe amayamba kumenya matenda akangolowa, ma monocyte ndi ma macrophage, kale ankatengedwa ngati oiwala. Koma mu 2011 a Mihai Netea a ku yunivesite ya Radboud ku Netherlands ndi anzawo anafotokoza kuti nawonso amakumbuka, akakumana ndi bakiteriya ngakhale wakufa ma gene ena, timalangizo ta m'kati mwa selo, amatsala ali chitsegukire, nde mdani wina akabwera, olo wosiyana ndi woyambayo, amadzuka msanga.

Pali mankhwala opangidwa ndi mabakiteriya okufa omwe amaphunzitsa maselowa chonchi. Choyamba pitani kwa adokotala, mankhwalawa ndi a anthu odwaladwala, chifuwa chobwerabwera kapena matenda a m'chikhodzodzo obwerabwera. Musati muwiritse zinthu kunyumba eti mwapha mabakiteriya, ayi ndithu, mlingo wake ndi nkhani yaikulu chifukwa mu labu anaona kuti LPS, poizoni wa pakhungu la mabakiteriya ena, akachuluka maselo aja amangofooka osayankhanso.

Mukapatsidwa wopopera mkamwa ngati MV140, wa matenda a m'chikhodzodzo, amene ena amamudziwa kuti Uromune, muli mitundu inayi ya mabakiteriya ophedwa ndi kutentha, E. coli, Klebsiella pneumoniae, Enterococcus faecalis ndi Proteus vulgaris. Kwezani lilime, poperani kawiri pansi pake, nde apa mpamene ambiri amaphonya, musameze pompo, asungeni mkamwamo mphindi imodzi kapena ziwiri kuti agwire nembanemba ya pansi pa lilime, mate adzadza ndipo zimasowetsa mtendere koma pirirani basi, ndipo musathamangire kudya kapena kutsuka mano. Tsiku lililonse chonchi miyezi itatu.

Wina ndi OM-85, wa chifuwa chobwerabwera, ndi kapisozi ya mabakiteriya ophwanyidwa. M'mawa musanadye kanthu, masiku 10 motsatana, kupuma masiku 20, mpaka miyezi itatu. Lembani pa kalenda, kupumako kumasokoneza mutu.

Mankhwala awiriwa si antibayotiki. Ngati mkodzo ukuwotcha lero ndipo thupi latentha, kalandireni mankhwala a matendawo kaye, a mabakiteriya okufawa ntchito yake ndi yakutsogolo. Amayi oyembekezera komanso omwe ali pa mankhwala ofooketsa chitetezo anene asanayambe, ndipo zidzolo kapena kubanika zikayamba siyani mubwerere kuchipatala. Kukumbuka kwa maselo kuja sikwamuyaya ngati katemera wa chikuku, kumazilala pakapita miyezi, nde muzilemba nthawi iliyonse mwadwala kuti adokotala aone ngati mpofunika kubwereza.