Wodwala maganizo tipite naye kwa ndani?

Kuno kuchigwa cha Shire munthu akayamba kuyankhula yekha, achibale amagawanika: ena akuti kwa asing'anga, ena kwa abusa, ena akuti angomukweza galimoto ya ku Zomba. Musanasonkhe ndalama ya ulendo, onani kaye mmene vutolo layambira, chifukwa pamenepo mpamene mudziwire woyenera kumuona.

Ngati wasokonezeka mwadzidzidzi, thupi likutentha, mwinanso akukomoka, thamangirani naye kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo akamuyeze magazi. Malungo akafika ku ubongo amabwebwetetsa munthu ngati wamisala, ndipo kuno malungo sasowa.

Koma ngati patha masabata akumva mawu amene ena sakumva, akukayikira aliyense, wasiya kusamba, kapena ndi mayi amene wasinthiratu atangobereka, funsani namwino wa matenda a maganizo pachipatala chachikulu cha Chikwawa kapena cha Nsanje. Odwala khunyu amathandizidwanso komweko. Vuto likakula, namwinoyo ndiye amakutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Zomba Mental Hospital, kumene kuli madokotala a ukadaulo. Mankhwala ake sagwira tsiku limodzi, ndipo sasiyidwa chifukwa choti munthu wayamba kupeza bwino. Akamaumitsa khosi kapena kunjenjemeretsa manja, bwererani akasinthe mlingo.

Pali ena amene mutu uli bwinobwino koma mtima ndi wolemedwa. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, alipo amene sagona mvula ikayamba kugunda padenga. Ena ngongole ya banki m'khonde yawadya mtima. Awa akufunika phungu wophunzitsidwa. Iye salemba mankhwala, ntchito yake ndi kukambirana nanu kangapo. Phungu wokalipira kapena woulula zinsinsi, musiyeni. Ngati gwero lake ndi nkhanza za m'banja, pitaninso ku Victim Support Unit ya apolisi kapena ku ofesi ya Social Welfare.

Wonena zodzipha musamusiye yekha. Bisani mankhwala opopera thonje ndi zingwe, mupite naye kuchipatala lero lomwe.

Mapemphero sitiletsa ayi, koma wokuuzani kuti mutaye mankhwala kapena mumange wodwala pamtengo sakukuthandizani. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akuuzani tsiku la kiliniki. Popita tengani buku la kuchipatala ndi munthu amene amakhala ndi wodwalayo, ndipo za chamba kapena kachasu musabise.