Kamangidwe ka mfundo pa gulu la Amalawi ku Joni

Magulu a maliro ndi a chipereganyu kuno ku Johannesburg kawirikawiri amapasuka ndalama zilipo, chifukwa choti sanagwirizane kuti nkhani ikabwera aimanga ndani. Konzani zimenezi gulu likadali pa mtendere, muzilembe m'malamulo anu.

Gawani nkhani patatu. Zing'onozing'ono, monga malo okumanira kapena kugula buku la mlembi, komiti imange yokha bola zisapitirire R500. Kulandira membala watsopano ndi kupereka ngongole zipite ku msonkhano, mbali ya anthu ambiri ipambane. Koma kusintha malamulo, kukweza chopereka cha pamwezi kapena kuchotsa msungichuma, avomereze anthu awiri mwa atatu alionse.

Msonkhano usamange kanthu ngati obwera sanapitirire theka la mamembala: pa gulu la anthu 30, pakhale 16. Ambiri amapuma Lamlungu lokha, wina akuchokera ku Diepsloot, wina ku Rosettenville, choncho mlembi atumize mitu ya zokambirana kutatsala masiku 7.

Pomwe timalakwitsa kwambiri ndi pa kalankhulidwe. Kwathu mkulu akalankhula, wamng'ono samutsutsa pagulu, makamaka ngati mkuluyo ndi amene anamupezera ntchito kapena pogona. Ndiye ayambe ndi achinyamata ndi ofika kumene, aliyense mphindi ziwiri, akuluakulu atsirize. Wapampando asaonetse mbali, ndipo avote pokhapokha mavoti afanana. Pa nkhani ya ndalama kapena yokhudza munthu, musakweze manja. Gawani timapepala, anthu awiri omwe si a komiti awerenge onse akuona.

Mlembi awerenge mfundoyo mokweza anthu asanabalalike: chachitika n'chiyani, achita ndani, pofika liti. Kenako aiike pa WhatsApp tsiku lomwelo. WhatsApp ikhale yolengezera basi, chifukwa kumeneko amene ali ndi data yambiri ndiye amamveka. Yemwe anajomba asautse nkhani yomangidwa kale pasanathe miyezi itatu.

Maliro sadikira Lamlungu. Sankhiranitu anthu atatu oti azitha kutulutsa ndalama zonyamulira thupi kupita kumudzi tsiku lomwelo, mpaka pa mlingo womwe gulu linaika. Ku banki asainire awiri mwa atatuwo, ndipo abweretse malisiti pa msonkhano wotsatira. Atatuwo asakhale a banja limodzi kapena okhala nyumba imodzi.