Momwe mungaphikire French toast kunyumba kuti ikome ngati ya ku lesitilanti

Amene munadyapo French toast (buledi woviikidwa m'mazira ndi mkaka n'kukazingidwa) ku lesitilanti mukudziwa momwe imafikira patebulo: yokhuthala, yofiirira bwino pamwamba, m'kati mofewa ngati kasitadi, mpeni ukangolowa nthunzi ili tolotolo. Mukayesa kunyumba ndi mazira omwewo ndi mkaka womwewo, imatuluka yopyapyala, yolobodoka pakati, m'mbali mutamatirira timazira tokazingika patokha. Ine ndinakhala nthawi yaitali ndikuganiza kuti ophika a kumalo odyera ali ndi kena kake komwe amathira mobisa. Nditayamba kuyang'anitsitsa ndinapeza kuti nkhani yagona pa buledi, pa kaviikidwe ndi pa moto, ndipo zonsezi n'zotheka m'khitchini mwanu momwemo.

Yambani ndi buledi, chifukwa ambirife timaphonya pamenepa. Ku France chakudyachi amachitcha pain perdu, kutanthauza buledi wotayika, uja wagona mpaka kuuma moti akanangotayidwa. Buledi wouma amamwa mkaka ndi mazira ngati chinkhupule koma osaphwasuka. Wa lero lomwe ali kale ndi chinyezi chake, ndiye mukamuviika amangosanduka phala. Malesitilanti ambiri amakonda brioche kapena challah, mitundu ya buledi yomwe mumtanda mwake muli kale mazira, ndipo brioche amakhalanso ndi batala wambiri. Mukausowa mtundu umenewu musadandaule. Gulani buledi woyera wosadula, mudule nokha zidutswa zokhuthala masentimita 2 kapena 2.5. Wodulidwa kale uja ndi wopyapyala kwambiri, amapsa asanapange m'kati mofewa momwe tikufunamo.

Mukadula, yalani zidutswazo poyera usiku wonse kuti ziume. Ngati mwaganiza zophika m'mawa womwewo, ziikeni mu uvuni wa madigiri 150 a Celsius kwa mphindi pafupifupi 8 mbali iliyonse. Cholinga n'chakuti ziume basi, zisafiire. Zikazizira, mukazigwira zizimveka zokhakhala pamwamba.

Kenako konzani msuzi woviikamo. Pa zidutswa 4 mufunika mazira 2 athunthu, chikasu cha dzira lina limodzi, mkaka wosachotsa mafuta mamililita 200, supuni imodzi yaikulu ya shuga, vanila pang'ono, theka la supuni yaing'ono ya sinamoni ndi kamchere kotsina ndi zala ziwiri. Mcherewo musausiye, ndi umene umadzutsa kukoma kwa zina zonsezi. Chikasu chowonjezeracho chili ndi ntchito yake. Choyera cha dzira chikachuluka, French toast imanunkha dzira kwambiri ndipo imatafunika ngati labala, pomwe chikasu chili ndi mafuta omwe amasalalitsa m'kati. Ophika a ku lesitilanti ambiri amathiranso kirimu m'malo mwa gawo lina la mkaka, n'chifukwa chake yawo imamveka yonona. Ngati muli naye kirimu, chotsani mkaka mamililita 50 muikepo iyeyo.

Pali kanthu kakang'ono komwe kanandivuta kwa zaka: sinamoni salowerera mumkaka. Amayandama pamwamba, n'kumatirira yense pa chidutswa choyamba, zotsalazo n'kusowa. Musakanizeni kaye ndi shuga ali wouma, kenako muswere mazira pamenepo, mutakase mpaka zigwirane, mkaka ubwere pomaliza. Takasani ndi foloko kapena chomenyera mazira mpaka musaonenso timinyololo ta choyera cha dzira. Timeneti ndi tomwe timakazingika patokha m'mbali muja. Mukafuna kutsimikiza, sefani msuziwo.

Thirani msuziwo m'mbale yotakasuka, yoti chidutswa chigonemo bwinobwino. Apa m'pofunika kudekha. Kungoviika n'kuvuula nthawi yomweyo kumanyowetsa kunja kokha, pakati n'kutsala buledi wouma. Chidutswa chokhuthala komanso chouma chimafuna masekondi 30 mpaka mphindi imodzi mbali iliyonse, ndipo chouma gwa chimatha kufika mphindi 2. Wotchi isakulamulireni kwambiri, manja ndi amene akuuzeni. Chinyamuleni: chizilemera, mukadina ndi chala pakati kamsuzi kazituluka pang'ono, koma chisamang'ambike. Chisiyeni kwa mphindi imodzi kuti msuzi wotsalira udonthe, ndipo womwe walowa ufike pakati penipeni.

Tsopano moto. Ku lesitilanti amaphikira pa chitsulo chachikulu chaphwatalala komanso chochindikala, chomwe chimasunga kutentha kofanana paliponse. Kunyumba choyandikira kwambiri ndi chiwaya cholemera. Chiikeni pamoto wapakati, wopendekera kochepa, chitenthe kwa mphindi zingapo musanaikemo kanthu. Moto waukulu ndi umene umawononga French toast yambiri ya kunyumba: kunja kumada, m'kati muli dzira laliwisi.

Batala ndiye amapereka fungo lenileni, koma amapserera msanga chifukwa cha timbali ta mkaka tomwe tili mmenemo. Ophika ambiri amayenga batala wawo kaye n'kuchotsa timbali timeneti. Inu mukhoza kugwiritsa ntchito ghee, yemwe ndi batala woyengedwa kale, kapena kusakaniza batala ndi mafuta ophikira pang'ono. Batala akasungunuka n'kuchita thovu, thovulo likayamba kuphwa, ikani zidutswa ziwiri zokha, zisapanikizane. Muzimva kaphokoso kofatsa. Kakakwera ngati mvula pamalata, chepetsani moto. Mbali iliyonse ipatseni mphindi 3 kapena 4, ndipo musamadine ndi chotembenuzira, mungafinye msuzi womwe mwavutikira kuulowetsa.

Musanatembenuze, wazani shuga pang'ono pa mbali yomwe ili pamwamba. Ikagona pa chiwaya, shugayo amasungunuka n'kupanga kakhungu kofiirira, kowala, kophwanyika mukakadula ndi foloko. Ndi kakhungu kameneka komwe anthu amakaona ku lesitilanti n'kumaganiza kuti n'zosatheka kunyumba. Ingoyang'anirani, chifukwa shuga sachedwa kuda n'kuyamba kuwawa. Mukatsitsa zoyamba, pukutani chiwaya ndi pepala musanaike batala wina, kuti zotsatira zisatengere makala a zoyambazo.

Chidutswa chokhuthala nthawi zambiri chimafiira kunja pakati pasanapse bwino, ndiye malizitsirani mu uvuni wa madigiri 180 kwa mphindi 5 mpaka 8. Mudzaona chikufufuma pang'ono pakati, chizindikiro choti dzira lagwira. Amene muli ndi choyezera kutentha kwa chakudya, pakati pafike madigiri 71. Ngati mulibe uvuni, chepetsani moto kwambiri, vindikirani chiwaya kwa mphindi 2, kenako vundukulani kwa mphindi ina kuti kunja kuumenso. Musazisanjikize pambale, nthunzi ya chapansi imafewetsa chapamwamba ndipo kakhungu kaja kamatheratu.

Pomaliza pake penipeni ndi pomwe ndimaona kuti ya kunyumba imatha kuposa ya ku lesitilanti. Kumeneko mbale imadikira kuti woperekera zakudya aitenge, ndipo kawirikawiri imafika itamira m'zotsekemera moti buledi ndi batala simuzimvanso. Kwanu, kuchoka pamoto kufika pakamwa ndi mphindi imodzi. Ikani kabatala pamwamba kasungunuke, uchi kapena maple syrup (manyuchi ochokera ku mtengo wa maple) mubweretse m'kambale kapadera kuti aliyense azithira yekha, ndipo muikepo chipatso chowawasirako pang'ono, monga sitiroberi kapena lalanje, choti chichepetse kunona. Aitaneni anthu akhaliretu patebulo pomwe zidutswa zomaliza zili mu uvuni.