Akakuuzani kuti mudzachira pa opareshoni, chitani izi

Amayi oyembekezera kuno ku Zomba, nkhani ya opareshoni tiikambe bwinobwino chifukwa mabodza achuluka. Ena amati wochira pa mpeni ndi waulesi, ena amvekere ndiye kuti bambo anayenda panja kapena wina wakumangani. Ayi ndithu. Mwana akagona chopingasa, nsengwa ikatseka njira, BP ikakwera kwambiri kapena mutu ukakanika kudutsa m'chiuno, olo mulimbe bwanji kukankha sikungathandize.

Yambirani ku sikelo konko. Funsani anesi kuti mwana wagona bwanji, ndipo ngati munapangidwapo opareshoni nenani tsiku loyamba lomwelo alembe m'buku. Amene muli ndi chipsera musadikire matenda ayambire kunyumba, makamaka inu a ku Chingale, Mayaka kapena pachilumba cha Chisi, pitani kuchidikiro nthawi ikadalipo chifukwa zipatala zing'onozing'ono sizipanga opareshoni, zimatumiza ku Zomba Central, ndiye taganizani kusaka thiransipoti usiku nthawi ya mvula.

Koma pomwe ambiri amachedwera ndi apa. Khalani pansi ndi bambo, apongozi komanso amene adzakudikirireni mimba isanakwane miyezi 8, mugwirizane kuti adokotala akadzati tiyeni ku fiyeta palibe zoyamba kuimbira foni amalume kumudzi. Wosaina fomu ndinu eni thupi. Maola otayika podikira chilolezo ndi amene amabweretsa fistula (kudontha mkodzo kapena chimbudzi kosalekeza), kuphulika kwa chiberekero, ngakhale kutaya mwana. Mankhwala achikuda a mwanamphepo musamwe chonde, olo agogo akakamize, amalimbitsa matenda mopyola muyeso ndipo pa chipsera ndiye zoopsa zedi.

Za ululu, nthawi zambiri amabaya jakisoni wa pamsana, mumakhala muli maso mpaka kumva mwana akulira. Mukatuluka yamwitsani msanga, akakuuzani kuti dzukani muyende yendani ngakhale zikuwawa. Kunyumba bala likhale louma, ndowa ndi mtolo wa nkhuni zidikire masabata 6. Mafinya, fungo kapena kutentha thupi, bwererani tsiku lomwelo. Tengani njira yolera mupume zaka 2.

Nanunso ofuna opareshoni pongoopa matenda, kumbukirani kuti ndi opareshoni yaikulu, chipsera chimakhudza mimba zotsatira. Opareshoni imodzi sikutanthauza kuti ana onse adzabwera choncho, koma zikakwana ziwiri adokotala amakupatsiranitu tsiku, musaliphonye.