Kamfuti ka m'thumba ku Joni: momwe mungasankhire mfuti ndi zipolopolo zake

Tsiku loyamba kuwombera ndi kamfuti ka m'thumba ndinachita manyazi. Chipepala cholozerapo chinali pa mtunda wa mamita asanu okha, koma pa zipolopolo zisanu ndi chimodzi, ziwiri zinapita kutchire. Kamfutiko kankadumpha m'manja ngati chambo chongochiwedza kumene, chala chakanise chikulendewera chifukwa chosowa pogwira. Mphindi zochepa m'mbuyomo, ndi mfuti yaikulu ya mphunzitsi wathu, ndinali nditalasa bwinobwino. Apa m'pamene ndinadziwira kuti mfuti ikachepa imanyamulika mosavuta koma kulasa nayo n'kovuta, ndipo kusankha konse kwagona pamenepa.

Nkhaniyi ndi ya abale okhala ku South Africa, komwe lamulo limalola munthu wamba kuyenda ndi mfuti yodzitetezera ataibisa.

Yambani ndi mapepala

Musanapite kukasirira mfuti m'sitolo, dzifunseni ngati lamulo likukulolani. Lamulo lake ndi Firearms Control Act la mu 2000, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2004. Muyenera kukhala nzika ya dzikoli kapena muli ndi chilolezo chokhala mpaka kalekale, komanso mwakwanitsa zaka 21. Ngati muli pa pemiti ya ntchito kapena mukungodinditsa masiku pa pasipoti, ulendo wathera pomwepa. Za "ndikudziwa munthu ku Hillbrow" zisiyeni, imeneyo ndi njira ya kundende, ndipo simudziwa kuti mfuti yoteroyo inachitapo chiyani isanafike m'manja mwanu.

Oyenerawo amayamba ndi maphunziro kusukulu yovomerezeka: malamulo, kagwiridwe, ndi mayeso owombera. Kenako mumalemba fomu ya apolisi ya SAPS 517 kupempha chiphaso chotsimikiza kuti ndinu woyenera, n'kukapereka kwa wapolisi woona za mfuti papolisi ya m'dera lanu, yemwe amamutcha DFO. Laisensi ya mfutiyo imapemphedwa pa fomu ya SAPS 271, pamodzi ndi kalata yofotokoza chifukwa chomwe mukuifunira. Mfuti mumalipira, koma imakhalabe kusitolo mpaka laisensi itatuluka, ndipo kudikira kwake ndi kwa miyezi.

Tsono mfundo yomwe ikusintha zonse ndi iyi: pansi pa gawo 13 la lamuloli, lokhudza kudziteteza, munthu amaloledwa mfuti imodzi yokha. Anzathu a ku America omwe mumawaona pa YouTube amakhala ndi ina ya m'thumba, ina ya m'chiuno, ina ya kunyumba. Inu mukalakwitsa posankha, kusintha kwake ndi kugulitsa, kulembanso mafomu ndi kudikiranso.

Onani zovala zanu

Gawo 84 la lamuloli limati mfuti ya m'manja pagulu ikhale mu holster (kachikwama kolowetsamo mfuti) kapena chonyamulira china chopangidwira ntchitoyo, kapena m'chikwama chobereka, ndipo ikhale yophimbika kotheratu. Choncho funso n'lakuti mumavala chiyani tsiku ndi tsiku. Wovala thalauza lotakasuka kapena ovolosi ali ndi thumba lokwanira. Wa jinzi yothina aiwale za thumba, aganize za m'chiuno. Wokhala pachiwongolero tsiku lonse ayese yekha: khalani m'galimoto, mangani lamba, kenako yesani kutulutsa foni m'thumba lakutsogolo. Mfuti idzavuta kuposa pamenepo.

Kulemera nako n'kofunika. Ruger LCP, yomwe inatuluka mu 2008 n'kutchukitsa timfuti timeneti, imalemera pafupifupi magalamu 270 ilibe zipolopolo. Glock 42 ili pafupi ndi magalamu 400. Glock 43 ndi SIG Sauer P365 zili pafupi ndi theka la kilogalamu, ndipo mukazidzaza zimakoka thalauza mbali imodzi ngati mwaikamo mwala. Kwa anthu ambiri ziwiri zomalizazi ndi za m'chiuno, ngakhale ogulitsa azitamande kuti n'zazing'ono.

Zipolopolo: zitatu zokha n'zomwe muyenera kuvutika nazo

Choyamba ndi .380 ACP, chomwe kuno amachitcha 9mm short. Anachikonza John Browning ndipo chinatuluka mu 1908. Chachiwiri ndi 9mm Parabellum cha Georg Luger, chija apolisi ndi asilikali ambiri amagwiritsa ntchito. Ziwirizi n'zofanana kunenepa, koma chikhungwa cha 9mm short n'chotalika mamilimita 17 pomwe cha Parabellum ndi 19, ndipo cha Parabellum chili ndi mphamvu zambiri komanso mutu wolemera. Musazisakanize, ngakhale zonse zili ndi dzina la 9mm. Chachitatu ndi .38 Special, cha mfuti za revolver zija zili ndi chigubu chozungulira.

Poyesa zipolopolo, ambiri amatsata muyezo wa FBI, bungwe la apolisi ofufuza milandu la ku America, womwe unakhazikitsidwa pambuyo pa kuwomberana kwa ku Miami mu 1986 komwe apolisi awo awiri anaphedwa. Amawombera mu phala lolimba la gelatin, ndipo chipolopolo chabwino chimayenera kulowa masentimita pakati pa 30 ndi 46. 9mm Parabellum imakwanitsa izi mosavuta. 9mm short imakhala m'malire: zipolopolo za mutu wobooka, zotchedwa hollow point, nthawi zina zikatambasuka sizilowa mokwanira, nthawi zina sizitambasuka n'komwe chifukwa mpope wa mfutiyo ndi waufupi. Nanga .22 ndi .25? N'zofewa m'manja, ndipo munthu wa manja odwala nyamakazi angathe kuziganizira, koma mphamvu zake n'zochepa kwambiri.

Palinso nkhani ya ndalama, imene anthu amaiwala. 9mm Parabellum imapezeka pafupifupi m'sitolo iliyonse ya mfuti ndipo kawirikawiri ndiyo yotsika mtengo. 9mm short imadula ngakhale ili yaing'ono. Zipolopolo zikadula, munthu amasiya kupita kukayeserera, ndipo kamfuti kakang'ono ndi komwe kamafuna kuyeserera kwambiri. Lamulo limalolanso kusunga zipolopolo zosapitirira 200 nthawi imodzi pa mfuti ya laisensi yotere, choncho mudzakhala mukugula pafupipafupi.

Maganizo anga ndi akuti, poti mfuti ndi imodzi, ngati mungathe kubisa ya 9mm Parabellum m'chiuno, tengani imeneyo. P365 ya mu 2018 imalowa zipolopolo 10 m'magazini (kabokosi ka zipolopolo kolowetsa m'mfuti), Glock 43 imalowa 6, ndipo a ndalama zochepa amayang'ananso mfuti za kampani ya Taurus. Ya m'thumba yeniyeni ndi ya munthu yemwe zovala zake za kuntchito sizilola china chilichonse.

Revolver musainyoze

Smith & Wesson 642 imalowa zipolopolo zisanu za .38 Special ndipo imalemera magalamu 400 ndi pang'ono. Ilibe nyundo yotulukira kunja yoti ikole pansalu, ndipo siidandaula kwambiri ndi utuchi wa m'thumba. Chipolopolo chikakana kuphulika, mumangokokanso trigger, kachitsulo komwe mumakoka ndi chala powombera. Koma trigger yakeyo ndi yolimba komanso yaitali, chigubu chake n'chonenepa moti chimatukula thumba, ndipo kudzazanso kumatenga nthawi. Ikawomba imamenya chikhatho ngati mwachita kukwapulidwa ndi lula ya aphunzitsi.

Iwombereni musanaigule

Malo ambiri oyeserera amabwereketsa mfuti moyang'aniridwa ndi mlangizi. Lipirani, yesani ziwiri kapena zitatu tsiku limodzi, iliyonse zipolopolo zosachepera makumi awiri. Onani zinthu izi: kodi chala chikufika pa trigger popanda kupotoza dzanja? Kodi mungathe kukoka chitsulo chapamwamba pa mfuti, chotsetsereka cham'mbuyo polowetsa chipolopolo mu mpope, manja ali ndi thukuta? Timiso tolozera mukutiona bwino? Pa timfuti tina timakhala ngati njere ya mpunga. Chachikulu n'chakuti chipolopolo chachiwiri ndi chachitatu zikugwera pati mukawombera motsatizana. Ine ndinasiya kamfuti kaja tsiku lomwelo, ngakhale kanali kokongola zedi m'galasi la sitolo.

Mukailandira, iwombereni ndi zipolopolo zomwezo mudzayende nazo. Timfuti ting'onoting'ono timasankha chakudya, ndipo tina timatsamwa ndi hollow point za mtundu wina.

Holster ndi thumba lake lokha

Mfuti yongoponya m'thumba n'kuphwanya lamulo komanso kudziitanira ngozi. Holster ya m'thumba iyenera kuphimba trigger yonse, kuimiritsa mfuti kuti isatembenuke, ndi kutsalira m'thumba mukasolola. Thumba limenelo likhale la mfuti yokha: makiyi, makobidi, cholembera, zonse zisamukire kwina, chifukwa kiyi imodzi yokola pa trigger n'njokwanira kuboola ntchafu. Pobwezera, tulutsani holster, lowetsanimo mfuti muli kuona, kenako ikani zonse pamodzi m'thumba. Poyeserera kusolola kunyumba, chotsani zipolopolo zonse, ziikeni m'chipinda china, ndipo onaninso kawiri. Sabata iliyonse pukutani utuchi wa nsalu womwe umadzazana m'makona.

Mukavula thalauza madzulo, mfuti ipite mu safe (bokosi lachitsulo lokhoma) yomangidwira kukhoma kapena pansi, monga malamulo amafunira. Kamfuti kotere kwa mwana kamaoneka ngati kachidole ka ku China Mall. Ndipo kumbukirani zomwe anakuphunzitsani m'kalasi: kuwombera munthu kumamveka kukhoti pokhapokha moyo uli pachiswe nthawi yomweyo. Kuwombera wakuba yemwe akuthawa ndi foni yanu kudzakusandutsani woimbidwa mlandu.

Laisensi ya gawo 13 imatha pakapita zaka zisanu, ndipo pempho loiwonjezera liyenera kufika kupolisi masiku 90 isanathe. Lembani tsikulo mu foni lero lomwe. Laisensiyo mphamvu zake zimathera pa Beitbridge. Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi aliyense ali ndi malamulo ake a mfuti, choncho Disembala ikafika, mukamakwera basi ya ku Blantyre kapena Lilongwe, mfuti itsale mu safe kapena mukaisungitse kwa wogulitsa mfuti wovomerezeka.