Kaonedwe ka Inside Out ndi ana kunyumba osaisandutsa ulaliki

Anzanga amene muli ndi ana a zaka 8 mpaka 14 kuno ku Harare, kaya ku Mbare, Highfield kapena Dzivarasekwa, filimu ya Inside Out musangowatsegulira ana nkupita kokachapa ayi, ikufunika mukhale nawo pampando. Ndi ya kampani yopanga makatuni ya Pixar, inatuluka mu 2015, anaitsogolera ndi Pete Docter, ndipo inawina mphoto ya mafilimu ya Oscar mu 2016 ngati katuni yabwino kuposa zonse. Yachiwiri inabwera mu 2024. Yambani ndi yoyambayo, osadumpha.

Konzekani masana. Muzikumbukira nkhani ya magetsi yathuyi, tchajani laputopu kapena foni ifike pa 100, ndipo ngati mukuonera pa intaneti ikhale yodawunilodeka kale chifukwa filimu kumaima-ima pakati mwana amathawira pa TikTok. Ndi yaitali ngati ola ndi theka. Mbuliwuli, zomwe ana athu amati maputi, ndi Mazoe wosungunula basi zakwana.

Musanayambe apatseni anthu a mufilimumo mayina a Chichewa, apa ndi pomwe zimakoma. Mkati mwa mutu wa kamtsikana kotchedwa Riley, ka zaka 11, muli anthu asanu oyendetsa mtima wake: Joy wachikasu uja ndi Chimwemwe, Sadness wabuluu ndi Chisoni, wofiira wopsa mutu ndi Mkwiyo, wapepo ndi Mantha, wobiriwira ndi Nyansi. Mwana wanga wamkazi atamva anafa nacho chikhakhali, akuti amayi nde kuti Chisoni ndi dzina la azakhali aku Dedza aja? Eya, ife tinawatchula kale ana mayina amenewa azungu asanajambule chilichonse. Ana obadwira kuno Chishona ndi Chingelezi ndi zomwe zili pakamwa, ndiye mwatero mwawalowetsa mau asanu a kwathu osawakakamiza.

Filimu ikayamba khalani chete. Ichi ndi chovuta kwa ife makolo, tili ndi chizolowezi chija chomati waona? Ukapanda kumvera zimathera pomwepo. Ugwireni mtima. Riley akusamuka ndi makolo ake kuchoka ku Minnesota kupita ku San Francisco, nyumba yatsopano yosasangalatsa, anzake ndi timu yake ya hockey zatsala kumbuyo, ndipo mayi ake akumupempha kuti azingomwetulirabe kuti bambo asapanikizike ndi za ntchito. Pamenepo muyang'ane nkhope ya mwana wanu m'malo moyang'ana sikirini. Tonse tinauzidwapo zimenezi, usalire alendo angaone, limba mtima ndiwe wamkulu. Chimwemwe mufilimumo amachita zomwezo, mpaka amajambula kabwalo pansi ndi choko nkumuuza Chisoni kuti asatulukemo.

Malo awiri mwana akhoza kulira: pomwe Bing Bong, mnzake wongoganizira wa ku ubwana, akuzimirira, ndi kumapeto Riley atatsika basi yomwe amathawa nayo nkubwerera kunyumba kukauza makolo kuti wasowa kwawo. Akalira musamuseke, ndipo achimwene ake akayamba kumugemula aletseni pompo. Inu misozi ikabwera isiyeni, musanamizire utsi wa mbaula.

Mafunso asungeni, usiku womwewo ayi. Mawa lake mukusenda mbatata kapena muli mu kombi, funsani mwachidule kuti lero kusukulu amayendetsa ndani, Mkwiyo kapena Mantha? Funso limeneli limagwira kuposa lija loti zayenda bwanji lomwe yankho lake ndi bho basi. Wanga anakhala duu kanthawi kenako anati Mantha, chifukwa anzake ena amamuseka dzina lake lachibadwidwe, amamutcha mubwidi, dzina lonyozera anthu ochokera ku Malawi. Miyezi yonseyi anali asananenepo, ine ndimangoona kuti nsima akungoitola-tola nkumati mwina ndi matenda. Akakuuzani chinthu chotere musathamangire kukalipa kapena kupereka malangizo khumi, mvetserani kaye, kenako muuzeni kanu. Ine ndinamufotokozera za agogo ake aamuna amene anabwera kuno nthawi ya Federation, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pakati pa 1953 ndi 1963, kudzagwira ntchito m'mafamu, amakhala pakhonde madzulo kumaimba nyimbo za kwawo osauza aliyense kuti akusowa kumudzi.

Yachiwiriyo dikirani mwana afike zaka 11 kapena 12. Riley amakhala ali ndi zaka 13, watha msinkhu, ndipo mumalowa alendo anayi: Nkhawa wa olenji, Kaduka, Manyazi ndi wina wongogona pasofa ndi foni, ife timangomutcha Kuboweka. Nkhawa amalanda chiwongolero, ndipo chakumapeto Riley amabanika mtima ukugunda ngati ng'oma atakhala pabenchi pakati pa gemu. Amene muli ndi ana a Grade 7 kapena Form 4 oyembekeza mayeso a ZIMSEC, bungwe la mayeso la kuno ku Zimbabwe, iyi muonere limodzi mayeso asanayandikire kwambiri, osati sabata yomweyo. Kwa ana aang'ono imawapitirira, amangokonda Manyazi chifukwa ndi wamkulu thupi ndipo amabisa nkhope mu juzi.

Ngati agogo alipo pakhomo akhazikeni pakati, wina aziwamasulira pang'onopang'ono. Athu anangofunsa kamodzi, kuti kodi wabuluuyo amudyetsa koma?